Rakiya Wopserera wa kwa a Mitar

Achimwene anga a Ragib akhoza kukukhululukira utawabera nkhuku, koma osati utawapatsa rakiya wopserera, kachasu wathu uja wa mapulamu. Ndinawaonapo ndi maso angawa akukhuthulira m'ngalande chigubu chathunthu, mwini wake manja ali kumutu, chifukwa ati munali kafungo ka moto komwe tonsefe sitinkakamva. "Dzina langa siliyenda ndi zonunkha utsi," anatero, n'kupukuta manja m'thalauza ngati palibe chachitika. Ine ndine Zumra, mlongo wawo. Chimwalirireni akazi awo ndakhala ndikuwaphikira ndi kuwakalipira, ndipo pa ntchito ziwirizi yachiwiriyi ndi imene yandikalambitsa.

Ntchito yawo inali kutcheza. Kwathu kuno ku Bosnia khomo lililonse lili ndi mitengo ya mapulamu, ndipo aliyense amadziwa kuvunditsa zipatsozo m'migolo mpaka zisanduke phala, koma kazani si aliyense ali nayo. M'chigwa chathu chonse inalipo imodzi yokha: chimphika cha mkuwa chokhala pa ngolo, ng'anjo yake pansi, pamwamba chisoti chonga anyezi, ndi mpope wautali wolowa mu mgolo wa madzi ozizira. Masamba akayamba kuyoyoka, hatchi inkaikoka khomo ndi khomo, ndipo pamene yaima pankakhala ngati pa ukwati. Amuna ankaotcha mbatata m'phulusa, kunama za nkhumba zam'tchire zimene sanaphe, n'kubwerera kwawo akuyenda mokhotakhota.

Achimwene okha sankaledzera. Ankangothira timadontho m'manja, kutikita, kununkhiza, kuika pang'ono pa lilime, basi adziwa ngati mapulamuwo anathyoledwa mvula ikugwa kapena ngati mwini wake anabera n'kuthiramo shuga. Lachisanu ankapita ku mzikiti atatafuna masamba onunkhira. A shehe ankawayang'ana cham'mbali n'kunena kuti, "A Ragib, lero mwanunkhira ngati dimba," iwo n'kuyankha kuti, "Kulawa si kumwa, a shehe," ndipo nkhani inkathera pomwepo mpaka Lachisanu linalo.

Kazaniyo sinali ya achimwene okha. Anaigula pamodzi ndi a Mitar a ku Lugovac, mudzi wa kutsidya kwa mtsinje, onse awiri akadali ndi tsitsi kumutu. Ife a ku Tresnik timapita ku mzikiti, a ku Lugovac amapita ku tchalitchi, ndipo nthawi imeneyo zimenezi zinkangotanthauza kuti maholide tinkadya kawiri. Ntchito anagawana kalekale: a Mitar moto ndi chopukusa chotakasira phala kuti lisagwire pansi, achimwene mphuno ndi lilime. Ankatukwanana kuyambira m'mawa mpaka madzulo.

"Moto wachuluka, kume, chotsako nkhuni imodzi!"

"Iwe kanunkhize zako uko, moto ndinaudziwa usanamere mano!"

Ankatchulana kume chifukwa a Mitar ndi amene anameta tsitsi loyamba la Emsud, mwana yekhayo wa achimwene, ndipo kwathu munthu amene wameta mwana wako ndi m'bale woposa wobadwa naye. Chaka chilichonse kutcheza kunkayambira pa bwalo la a Mitar, poti mapulamu a kumunsi amapsa msanga. Tambula yoyamba, ija ya mutu, ankamwera limodzi awiriwo. Aliyense m'chigwa muno amadziwa kuti anthu amene amwera limodzi tambula yoyamba alibenso mlandu pakati pawo, ngakhale atakhala osayankhulana chaka chonse, ndipo safunikanso kupepesana ndi pakamwa.

Kenaka kunabwera nkhondo. Sindifuna kuisimba, ena aisimba kale mokwanira. Mtsinje unasanduka malire, achimwene anakwirira kazani pansi pa khola la ng'ombe, ndipo bomba lochokera kutsidya linamupeza Emsud akutunga madzi. Amene analiponya sitimudziwa. Koma a Mitar anali ndi ana aamuna awiri m'gulu la ankhondo a kutsidyako. Izi achimwene ankazidziwa, ndipo a Mitar nawo ankadziwa kuti achimwene akudziwa.

Nkhondo itatha kunadzaza asilikali a mayiko akutali, obwera kudzatisungira mtendere ndi kuperekeza magalimoto a thandizo. Ndisaname, tinawalira tokha asilikali amenewo, ndipo tsiku lofika ine ndinali m'gulu la amayi owaombera m'manja. Ufa wawo tinadya, mabulangete awo tinafunda, ngakhale nyama yawo ya m'zitini galu wathu ankainunkhiza n'kutiyang'ana ngati tamulakwira. Koma walira mvula walira matope. Anaika chipata pa msewu waukulu wolumikiza midzi iwiriyi, helikopita zawo zinkatizungulira pamutu ngati kabawi pa anapiye, ndipo ntchito yawo yaikulu inali kusaka zida zimene anthu anabisa. Zidazo zinalipodi, mbali zonse ziwiri, sindikana.

Chaka chachiwiri cha mtendere mapulamu anabereka mpaka nthambi kuthyoka. Achimwene anafukula kazani, kuikwecha ndi phulusa mpaka inang'anima, n'kuyamba kuzungulira nayo m'mudzi mwathu. Moto ankawasonkhera ndi mnansi wathu Vejsil, munthu wa pakamwa ngati wailesi, amene ankakamba nkhani mpaka kuiwala chopukusa. Achimwene ankabwera kunyumba nkhope ili ndwii. Tsiku lina tikumwa khofi anangoti:

"Zumra, kazani ija yayamba molakwika chaka chino."

"Yalakwika pati?"

"Imayambira kwa Mitar."

Ndinatsitsa kapu. "Achimwene, mutu ukuyenda bwino? Mwana wanu ali m'manda uko, udzu sunamere bwinobwino, inu mukufuna kukatchezera anthu a kutsidya?"

"Theka la mphikawo ndi la Mitar. Ndisanduke wakuba pa ukalamba uno?"

"Musandinamize ndi za mphika ine, ndinakuonani mukuvala kabudula wong'ambika."

Anatembenuza kapu pa tebulo. Kenaka anati, "Sindifuna andiuze kanthu, sindifunanso kumufunsa kanthu. Ndikufuna timwe ija yoyamba basi, ndidziwe ngati ndikadali ndi kume kapena ndilibe. Akuti chifuwa chamugwira. Sadzaona mapulamu ambiri."

Ndinakalipa mpaka khofi anazizira, koma ndinkadziwa kuti ndikukalipira chitsa. Uthenga unayenda kudzera kwa mayi wina wogulitsa tchizi pa kamsika ka pa chipata, pamene anthu a mbali ziwirizi ankagulana malonda osayang'anana kumaso. Yankho linabwera lalifupi: phala lakonzeka, nkhuni zilipo, abwere Loweruka, asaiwale mphuno yake. Achimwene atamva anatuluka panja kukayang'ana ziboda za hatchi, ndipo anachedwa kumeneko kuposa mmene ziboda zinayi zimafunira.

Tsono apa ndi pamene pali uchitsiru wathu, ndipo ndikaukumbukira magazi amandiwira mpaka lero. Ife anthu a m'chigwa chino timabisa kazani kwa munthu aliyense wovala yunifolomu. Agogo athu ankaibisa kwa okhometsa msonkho a mafumu akale, makolo athu kwa apolisi a boma lija linagwa, ndipo chizolowezicho chinatilowa m'mafupa moti mwana amayamba kunena kuti "kazani sindinaione" asanadziwe kupemphera. Asilikali achilendowa analibe nazo ntchito za rakiya wathu. Panalibe lamulo lawo loletsa. Ena a iwo ankagula okha kuseri kwa kamsika, n'kubisa botolo m'jekete. Koma galimoto yawo ikangomveka kumunsi kwa phiri, anthu ankazimitsa moto, kuponya lona pamwamba pa ngolo, kuikankhira m'khola, n'kuyamba kuyang'ana kumwamba ngati akudikira mvula.

Ndiye taganizani zimene iwo ankaona ali m'mwamba muja. Chinthu cholemera cha matayala, chofundidwa lona, mpope wautali utasuzumira kumbuyo, lero chili pa khomo ili mawa pa khomo ilo, amuna atachiunjikira, ndipo chikuzimiririka iwo akangoyandikira. Ngakhale ine ndikanati ndi mzinga.

Amati safunsa anadya phula, koma awa anafunsa, ndiwachitire umboni. Anabwera masana dzuwa likuswa mtengo, mkulu wawo wamtali wofiira makutu, ndi mtsikana wa ku tauni wowamasulira. Anapeza amuna atakhala pa benchi pa sitolo.

"Akufunsa kuti pansi pa lona paja pamakhala chiyani," anatero mtsikanayo.

"Lona liti, mwanawe?" anatero Vejsil. "Ine lona ndinaliona komaliza nkhondo isanayambe. Ngati ali nalo atigawireko."

Wina anati ndi makina opopera mankhwala m'munda. Wina anati ayi, ndi ming'oma ya njuchi, asayerekeze kuvundukula. Mayi wina wachikulire wodutsa ndi mtanga anati ndi bokosi la maliro, n'kuyamba kufinya misozi kuti amukhulupirire. Mkulu wa asilikali uja ankangogwedeza mutu, makutu akufiirirafiirira. Atachoka, pa benchi panagwa phwete, Vejsil akudziguguda pachifuwa kuti alendo awa ndi ana, wawapusitsa ngati nkhuku.

Ine ndinali pa khomo la sitolo ndi paketi ya mchere. "Inu azibambo ndevu zili mbuu," ndinatero, "bwanji osangowatengera ku khola akaone okha? Muwapatse katambula, azipita kwawo."

"Chemwali," anatero Vejsil, "wa yunifolomu ukamuonetsa mphika lero, mawa abwera ndi chipande."

Onse anaseka. Nditawauza achimwene kunyumba, nawonso anangoti, "Kazani saonetsa asilikali, Zumra. Bambo athu sanachitepo zimenezo." Bambo athu! Bambo athu sanakwerepo basi, koma ife timakwera.

Choncho Loweruka lija, m'malo modutsa pa chipata ngati anthu, n'kukweza lona kuti aliyense aone, tinadzera kanjira ka m'nkhalango kotulukira pa mlatho wakale wamatabwa. Achimwene anati n'chifukwa cha anyamata ena a m'mudzi mwathu amene analumbira kuti kazani ikapita kwa adani aiphwanya ndi nkhwangwa. Mwina zinali zoona, koma ndikudziwa kuti ngakhale anyamatawo pakanapanda, chipata akanachizembabe. Ine ndinakwera nawo ngolo nditafungatira mbale ya buledi wa tchizi, chifukwa ngakhale ukwiye bwanji, sulowa pa khomo la munthu chimanjamanja. Tili m'nkhalango helikopita inadutsa pamwamba pa mitengo, n'kubwereranso. Achimwene anatembenuka, kukoka lona kuti lifunde bwinobwino mpope.

A Mitar tinawapeza ataima pa geti, ataonda ngati ndodo, chipewa chili m'manja. Kumbuyo kwawo kunali akazi awo a Savka, ndi anansi ochepa amene analimba mtima kubwera. Palibe anapereka moni. Amuna awiriwo anayang'anana, kenaka a Mitar anazungulira ngolo, kuvundukula lona, kugogoda mkuwa ndi chala.

"Apa yapindika. Unkaisunga pansi pa ng'ombe kapena?"

"Pansi pa ng'ombe pomwe," anatero achimwene.

"Ndamva fungo."

Moni wake unali umenewo. Anathira phala, kumata chisoti ndi ufa wokanda, a Mitar n'kugwada pa ng'anjo akutsokomola. Manja awo ankadziwana, uyu akatambasula dzanja mnzake wamupatsa kale chofunikacho. Koma liwu loti kume palibe analitchula. Onse awiri ankalilambalala ngati dzenje pa msewu, ndipo pofuna kuitanana ankangoti "iwe".

Ine ndi a Savka tinakhala pa benchi pafupi ndi khitchini. Analandira mbale yanga.

"Zumra, wakalamba."

"Inu ndiye mwasanduka namwali?"

Tinaseka, kenaka kuseka kuja kunasanduka kwina. Ndi pamenepo anandiuza kuti mwana wawo wamkulu nayenso anatsala ku nkhondo, wamng'ono anathawira kunja ndipo sabwera. Ndinali nditabwera ndi mawu ambiri akuthwa pansi pa lilime, koma ndinasowa powalasa.

Dzuwa litakwera, mpope unayamba kutuluka thukuta. Kenaka dontho, dontho linanso, mpaka kamadzi kowonda ngati ulusi kanayamba kutsikira m'kamtsuko. Anansi aja anasendera pafupi. Achimwene anapisa m'thumba, kutulutsa katambula kawo kakale kobenthuka m'mphepete, n'kukapukuta ndi malaya. A Mitar anakaona, anayang'ana kumbali, n'kuyamba kukonza nkhuni zimene zinali kale bwinobwino.

Sanafike potunga. Choyamba tinamva chiphokoso kumtsinje ngati mtengo waukulu ukugwa. Pambuyo pake tinadziwa kuti inali galimoto yawo yankhondo, chitsulo chokhachokha, imene inayesa kuwoloka mlatho womwe hatchi yathu inawoloka monyang'ama. Mlatho unathyoka, galimoto mphuno m'madzi, ndipo mtsikana womasulira uja anali momwemo. Otsalawo anatulukira wapansi m'munda wa mapulamu, nkhope zopakidwa zakuda, helikopita ili pamwamba pathu kuulutsa udzu, zovala za pa chingwe ndi nkhuku za a Savka. Anaponya kanthu kophulika kowala, makutu anga anatseka. Ankakuwa m'chinenero chawo, wotiuza tanthauzo panalibe, koma mfuti ikakuloza umamva wekha. Tonse tinagona chafufumimba m'matope.

Lona linali pansi, kazani ili poyera ikufuka, fungo la rakiya lili ponseponse. Ndinaona msilikali wina akuiyang'ana, n'kuyang'ana mnzake, koma palibe anatsitsa mfuti. Anauzidwa kuti pali mzinga, ndiye ankasaka mzinga. Ena ankaswa chitseko cha khola, ena kugubuduza migolo ya phala la chaka chonse, ena kubaya mulu wa udzu. Ife tili gone, nthawi ikupita, chopukusa chili chete. Ndipo mphepo ya helikopita ija inkapemerera ng'anjo, moto n'kumalilima ngati wa osula makasu.

Fungolo ndinalimva ngakhale ine, amene achimwene amati mphuno yanga ndi yongokongoletsa nkhope. Phala linayamba kugwira pansi. Pambali panga achimwene anabuula ngati wina wawaponda pa chilonda. Kenaka anayankhula, nkhope ili m'matope, osaganiza n'komwe, mmene ankayankhulira zaka zonse zija:

"Moto wachuluka, kume."

Sanakuwe ayi. Sindikhulupirira kuti ankafuna wina achitepo kanthu, mawuwo anangotuluka okha. Koma a Mitar anamva. Anatembenuza mutu, ndipo ndikulumbira pali Mulungu kuti anamwetulira.

"Ndamva, kume," anatero.

Anadzuka, n'kutola chitsulo chosonkhezera moto, chachitali, chakuda.

Msilikali amene anaombera sankaoneka wamkulu kuposa Emsud. Chipolopolo china chinaboola kazani, nthunzi inatuluka ndi likhweru n'kumuwaula mnzake kumaso, ndipo zitatero aliyense ankakuwa, asilikali, a Savka, hatchi, ine. A Mitar anagwa chokhala, atatsamira tayala la ngolo, chitsulo chija chili pa miyendo. Bala linali m'mimba. Dokotala wa asilikaliwo anayesetsa, sindingamunamizire, magazi mpaka m'zigongono. Koma galimoto ikanadzera pati, mlatho atauthyola okha, njira ya pa chipata ili yozungulira kutali? Helikopita inasowa potera pakati pa mitengo, ndipo pamene ankawanyamula kupita nawo ku dambo, a Mitar anali atatisiya. Achimwene sanaloledwe ngakhale kuwagwira dzanja, poti manja awo anali atamangidwa kumbuyo ndi kachingwe kapulasitiki. Anawamasula madzulo ku kampu ya asilikali, atawapatsa tiyi ndi bisiketi.

Mzinga sunapezeke, paja kunalibe. Chimene chinapezeka ndi malilime. A ku Lugovac anati Ragib anachita dala, anabwera ndi asilikali kumbuyo kuti abwezere mwana wake. A kwathu anati n'zimene umapeza ukamasekerera adani. Vejsil anabwera kudzapepesa, n'kukhala pa mpando wanga, kumwa khofi wanga, n'kunena kuti, "Ndinanena ine kuti a yunifolomu sakhulupirika." Ndinamulanda kapu m'manja, ndipo akanachedwa kutuluka ndikanamuswera pamutu. Ku maliro sitikanayerekeza kupita. Achimwene anakaima pa gombe lathu, pamene panali mlatho, chipewa m'manja, kumvetsera belu la tchalitchi mpaka linaleka.

Patapita masabata, mkulu wofiira makutu uja anabwera kwathu, womasulira wake dzanja lili m'bandeji. Anavula chisoti polowa, ndimupatse ulemu wake.

"Akuti zimene anauzidwa zinali zolakwika, ndipo ali ndi chisoni chachikulu," anatero mtsikanayo.

"Chisoni chake achiike m'thumba," ndinatero ine. "Muwafunse ngati kwawo munthu wokalamba wotsokomola amaoneka ngati gulu lankhondo. Muwafunse ngati mphuno anazisiya kwawo pobwera kuno."

Mtsikanayo anamasulira, kapena anachepetsako, sindikudziwa. Mkuluyo anamvetsera ataweramitsa mutu, kenaka ananena kanthu motsitsa.

"Akufunsa kuti atabwera pa sitolo paja, bwanji panalibe ndi mmodzi yemwe wongowauza kuti ndi chotchezera mowa?"

Ndinali ndi ukali wokwanira gulu lonse la asilikali, koma funso limenelo ndinalibe pouthira. Ndinayang'ana achimwene. Iwo anayang'ana pa tebulo n'kunena kuti, "Muwauze kuti bambo athu sanachitepo." Mtsikanayo anawayang'ana, kudikira kuti mwina awonjezera, koma mawu anali omwewo.

Asilikaliwo anatibweretsera kazani ina, yachitsulo chonyezimira ya kwawo, yokhala ndi kawotchi koonetsa kutentha, yosafuna munthu woyang'anira moto. Achimwene sanaiyatsepo. Ili kuseri kwa khola, nkhuku zimaikiramo mazira, ndipo pa ntchito imeneyo ndi yabwino kwambiri. Anamanganso mlatho wachitsulo woti ngakhale akasinja angawoloke, n'kuutsegulira ndi malipenga. Kenaka nthawi yawo inakwana, anakwera magalimoto awo n'kubwerera kwawo, kutisiyira mlatho wopanda owoloka.

Achimwene sanatchezenso. Anthu ankabwera kudzawapempha, ena ndi nkhosa, iwo n'kumangoti mphuno inafa. Bodza, chifukwa mkaka ukangoyamba kugwira pa moto amandikuwira ali kumunda. Mitengo amaidulirabe nthambi chaka ndi chaka, mapulamu amabereka, ine ndimaphika jamu mpaka mabotolo kutha, otsalawo amavundira pansi mavu n'kumakondwa. Kazani yakale ija anthu ena anakatitengera, ili m'khola ndi bowo lake. Ndinawauza kangapo kuti wosula akhoza kuimata, iwo n'kumati aganizira.

Munthu woyamba wa ku Lugovac kuwoloka mlatho watsopano uja anali a Savka. Anabwera mitengo itachita maluwa, atavala zakuda, anthu akusuzumira m'mawindo mbali zonse ziwiri. Anakana mpando. Anatulutsa kabotolo m'chikwama n'kukaika pa tebulo pamaso pa achimwene.

"Izi ndi zimene zinadonthera m'kamtsuko kaja. Anagubuduza migolo yonse anthu aja, koma kamtsuko palibe anakakhudza. Theka ndi lanu, theka la anzanu."

Achimwene sanakagwire. "Mayi, ndinamudzutsa ndine."

"Phala likupserera, iye n'kugona? Mwamuiwala kale mnzanuyo?" anatero a Savka. "Akanadzuka ngakhale mukanakhala chete. Kwathu akunena zambiri, koma ine ndinali pomwepo, makutu ndili nawo. Nkhondo yonse ija ankangondifunsa ngati mudzamutchulanso kume. Munamutchula. Zinazo ndi za Mulungu ndi za zitsiru."

Anamwa khofi chiimire, n'kubwerera.

Kuyambira pamenepo, chaka chilichonse masamba akayamba kuyoyoka, achimwene amasankha Loweruka, kutenga kabotolo kaja ndi katambula kobenthuka, n'kukhala pa chitsa kuseri kwa nyumba, poonekera mtsinje. Amathira pang'ono kwambiri, ndipo chaka chilichonse amachepetsako, poti kabotolo kakutsika. Theka amathira pansi, theka amamwa. Rakiya ameneyo ndi wopserera moti fungo lake limandipeza m'khitchini. Munthu yemwe ankataya chigubu chathunthu chifukwa cha kafungo kongoganizira, amameza zimenezo, khosi likukana.

Chaka chatha ndinalephera kupirira. Ndinatuluka ndi nsalu yopukutira mbale m'manja kuti ndikawauze kuti zakwana, akudzipweteka, munthu wakufa samva. Ndinafika kumbuyo kwawo iwo osandiona. Anali atangomeza kumene, maso atatsinzina, lilime likuzungulira m'kamwa monga ankachitira polawa. Kenaka anagwedeza mutu ngati munthu wokhutira, n'kuyankhula choloza kutsidya.

"Sunapsereze ayi. Moto unali bwinobwino, kume. Ukanangogona."